Kamera ya Abambo ndi Mame a ku Misuku

Misuku,
Chitipa.
Juni, 1984.

Okondedwa achimwene a Wallace,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kupita kudimba? M'kalata yanu yomaliza munati unatupanso, ndipo mtima wanga sunakhale pansi. Muziwakumbutsa kuutsamiritsa pamwamba akakhala pamphasa. Mchere achepetse, ngakhale ndikudziwa kuti akana.

Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kwa kuno kumabwera ndi nkhungu yonyowa, moti chovala chimakhala pachingwe mpaka kuchiiwala chisanaume.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndawapatsira pamanja a Harrison, amene amayendetsa galimoto ya pachipatala chathu. Akupita kutchuthi kwawo ku Ntcheu, ndipo alonjeza kuti atsikira pa Linthipe kudzakupatsani okha. Choncho ndilemba momasuka. Mukatha kuwerenga muisunge pabwino, chifukwa muli zina zosayenera kumveka pagulu.

Ntchito ikuyenda. Chikuku chinativuta mwa ana mvula itangoyamba, koma pano chazilala. Odwala ambiri amalankhula Chisukwa, ndipo amene amandimasulira ndi Mayi Nachali, mzamba wamkulu wa pano, amene anditenga ngati mwana wawo. Ndaphunzira kupereka moni woti "mwaghona" ndi kuthokoza kuti "ndagha", koma ndikapitirira apo agogo amangoseka ndi kundigwira dzanja. Sopo ndi shuga zimasowa m'magolosale. Nthochi zokha ndiye mbwee, mpaka nkhumba zimazinyanyala.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandichedwetsa kutumiza zithunzi. Tsiku lonyamuka lija munandiikira m'sutikesi kamera ya malemu abambo, ija anabwera nayo kuchokera ku Kitwe, ndipo munati ndizijambula kuti amayi aone kumene boma landiponya. Ndikudziwa kuti mwakhala mukudabwa. Kamerayo ilipo, ndipo yandionetsa zambiri, zokoma ndi zoopsa zomwe.

Mvula ili pakati ndinaitulutsa m'chikwama chake, ndi kupeza galasi la kutsogolo lija lachita chuku. Kuno chuku chimagwira chilichonse, nsapato, lamba, ngakhale Baibulo. Ndinalipotokola monga ankachitira abambo, ndi kukhala pakhonde kulipukuta ndi kansalu. Pofuna kuona ngati layera ndinasuzumiramo, koma ndinali nditaligwira chotembenuza, kutsogolo kuli kumbuyo. Achimwene, chala changa chachikulu chinaoneka ngati munda wolimidwa mizere. Pang'onong'ono ndikanaligwetsa.

Ndinaligunditsa pa kamera lili chotembenuka chomwecho, ndi kuyang'ana pakazenera kosuzumirapo pojambula kaja. Phiri, mitengo, nyumba, zonse zinali mbuu. Koma nditasendera pafupi ndi waya woyanikapo zovala, pomwe madontho a mvula anali lende, dontho limodzi linadzaza kazenera konse. M'kati mwake munali chipatala chathu chathunthu, denga lili pansi, masitepe ali m'mwamba, ndi Mayi Nachali akudutsa ndi ndowa miyendo ili kumwamba. Ndinaima pamenepo mpaka phala linapserera pamoto.

Filimu yoyamba ndinaithera pa waya yemweyo, mtima uli m'mwamba. Ndinaitumiza ku Karonga kwa mkulu wina wotsuka zithunzi, kudzera mwa a Harrison omwewa. Zithunzi zitabwera, zinali utsi wokhawokha. China chakuda bii, china choyera mbee, dontho osaoneka ndi limodzi lomwe. Mkuluyo anatumizanso uthenga woti kamera imeneyi inafa kalekale, ndisamataye filimu, ndipo ngati sinafe, ndiye anamwino akapimitse maso awo. A Harrison anandiuza zimenezi akupukuta misozi ndi kuseka.

Zinandiwawa, koma sindinasiye. Ndinakhala pansi kuganiza chimene chinalakwika. Choyamba, manja amanjenjemera, ngakhale iwe ukuona ngati ali chete. Chachiwiri, pakati pa galasi ndi kamera pankatsala mpata, kuwala n'kumalowera m'mbali. Komanso dontho limaoneka bwino pamalo amodzi okha. Ukangosendera kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono ngati kunenepa kwa tsitsi, basi lasowa.

Ndinayamba kuyesa masamba. La nyemba limamwaza madzi, dontho limangoti phwasa. La koko limawagubuduza ngati mkanda, koma ukangopumira pafupi lathawa. La nthochi ndi lalikulu, mphepo imasewera nalo. La khofi ndilo linandikomera mtima. Ndi losalala, lolimba, ndipo kunsonga kwake kuli kamlomo kumene dontho limalendewera nthawi yaitali osagwa.

Mame akauma msanga, dontho ndimaika ndekha ndi sirinji yakale yagalasi imene inang'aluka ndipo tinkafuna kuitaya. Ndinapezanso kuti ukasakaniza madzi ndi gilisalini wodzola uja, dontho limakhala lozungulira bwino ndipo silithamangira kugwa. Kamera ndimaikhazika pa kathumba ka nyemba kuti isagwedezeke. Kalilole wanga wopesera tsitsi ndimaunikira naye dzuwa pansi pa tsamba, pakuti pansipo pamakhala mdima. Podina batani lojambulira ndimagwira mpweya, monga timauzira odwala powabaya.

Kuseri kwa chipatala kuli munda wa khofi wotsetsereka. M'mawa wina Loweruka ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi, ndi kukagona chafufumimba pansi pa mtengo wina m'mundamo. Ndinali nditapeza dontho lokongola kwambiri, ndipo ndinadikira nthawi yaitali kuti mphepo ileke. Chala chili pa batani, ndinamva munthu akutsika chothamanga, akufuula m'Chisukwa. Poti malowo ndi oterera, anagwira nthambi ya mtengo wanga womwewo kuti asagwe. Mame onse a mumtengomo anandikhuthukira.

Ndinadzuka nditanyowa, ndi kumukalipira m'Chichewa chathu cha ku Dedza chosasefa. Iye anavula chipewa, ndi kundimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anapepesa, nati ankayesa kuti ndalumidwa ndi njoka kapena ndakomoka. Atatero anandikumbutsa mwaulemu kuti mundawo ndi wake. Manyazi amene anandigwira, achimwene, sindingathe kuwalemba.

Dzina lawo ndi a Davison Sibale. Amalima khofi, komanso amakonza njinga ndi mawailesi a anthu. Pofuna kuchotsa manyazi ndinawauza kuti aone okha chimene ndimafuna m'munda mwawo. Ndinaika dontho lina pa tsamba, iwo n'kugwada pamatope ndi kusuzumira. Kumtunda kwa munda kunali ng'ombe yawo ikudya. Podzuka anandiyang'ana ndi maso a mwana, n'kufunsa m'Chichewa chawo chosakaniza kuti, "Anamwino, ng'ombe yane yalowamo uli?"

Ndinawafotokozera mmene ng'ombeyo inalowera m'dontho, monga ndikudziwira ine, ndi kuwauzanso za mpata wolowetsa kuwala uja. Anaitembenuzatembenuza kamera, nayeza kukamwa kwake ndi kaudzu, n'kumapita. Sabata isanathe anabwera kuchipatala ndi kachidutswa ka nsungwi kobowoka, kosemedwa bwino, m'kati atakadetsa ndi mwaye. Uku kanalowa pa kamera, uku kanagwira galasi lili chotembenuka, ndipo anamanga zonse ndi mphira wa chubu cha njinga. Anabweretsanso kamtengo kosongoka kokhala ndi chopanira zovala kunsonga, koti ndizikazika pansi ndi kupanira tsamba kuti mphepo isaligwedeze. Anati m'munda mwawo ndizilowa nthawi ina iliyonse, bola ndiziyamba ndatsokomola kuti asadzathamangenso pachabe.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kuoneka bwino pakazenera. Ndinkapita m'mawa ntchito isanayambe. Nthawi zina a Sibale ankabwera kudzagwira kalilole, nthawi zina ankangopitiriza kudulira mitengo yawo chapatali, tikucheza mokuwa. Ndinajambula dontho lokhala ndi maluwa oyera a khofi m'kati, lina lokhala ndi phiri lonse, lina lili pa ukonde wa kangaude pamodzi ndi anzake ambirimbiri, lililonse lili ndi kadzuwa kake. Filimu imeneyo ndinkaiyembekezera kwambiri. Koma sinafike ku Karonga.

Apa ndi pamene muwerenge muli nokha. Ukaima kumtunda kwa munda wa a Sibale, mapiri a ku Tanzania amaoneka kutsidya. Ine sindinaganizeko zimenezo. Koma wina anakanena kwa apampando a nthambi ya chipani kuti namwino wobwera uja amabisala m'tchire m'mawa uliwonse ndi chida chachitali chakuda, ndipo amaphethiritsa kalilole kuloza kumalire, ngati wopereka zizindikiro kwa anthu a kutsidya.

Anabwera kuchipatala masana, odwala ali pamzere, apampandowo ndi anyamata awo. Anayamba ndi kufunsa khadi la chipani, ndipo ndinawaonetsa. Kenaka anati ndikatenge chida chija ndi kalilole. Mmodzi wa anyamatawo anatsegula kamera kumbuyo, nasolola filimu yonse, n'kuiyang'anitsa padzuwa kuti aone zimene ndinajambula. Inu mukudziwa kuti filimu yosatsuka ikaona dzuwa yafa. Sanaonepo kanthu, ndipo zimenezo zinawakayikitsa koposa. Apampando anati katunduyo agona kwawo, ndipo nkhaniyi aganiza ngati n'koyenera kuitumiza ku Boma.

Achimwene, mukukumbuka aphunzitsi aja a kwathu amene anakwera galimoto ya boma m'mawa wina, mabanja awo osadziwa kumene apita mpaka zaka zinadutsa. Ndi amene anandibwerera m'mutu. Ndinamaliza kuthandiza odwala otsala pamzere. Ndinkangoganiza za amayi, kuti adzamva bwanji, ndiponso adzamva kwa yani.

Mayi Nachali anandikhazika pansi, nandiuza kuti ndisalire pamaso pa anthu ndipo ndisatsutsane ndi wina aliyense. Anati apampandowo si munthu woipa, koma nawonso ali ndi mantha, chifukwa nkhani ikawadumpha n'kukamveka ku Boma kudzera mwa wina, oyamba kufunsidwa ndi iwo. Anati tipite m'mamawa, tikagwade, tikapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti aone ndi maso awo asanatumize mawu. Ana onse a m'nyumba ya apampando anabadwira m'manja mwa Mayi Nachali, choncho ankadziwa kuti pakhomo satibweza.

Titafika m'mawa mwake tinapeza a Sibale atakhala kale pabwalo. Palibe anawaitana. Anali atauza kale apampando kuti nsungwi ija anasema ndi iwo, mphira anamanga ndi iwo, munda ndi wawo, ndipo kalilole ankagwira ndi iwo. Anati ngati pali wokwera galimoto, mpando woyamba ukhale wawo. Inu mwina simungaone kulemera kwa mawu amenewa. Ine ndine wobwera, ndili ndi yunifomu ya boma. Iwo ndi munthu wa kumalire, wokhala ndi abale kutsidya, ndipo anthu otere nkhani ikawagwera sichedwa kukula.

Apampando analola kuona. Ndi bambo wachikulire, wamtali, ndipo anali atavala jekete ngakhale kunali m'mawa. Ndinawapempha kuti aloze kamerayo ku mapiri a kutsidya ndi kuyang'ana. Anayang'ana, natembenuka, nayang'ananso, n'kunena kuti akungoona nkhungu. Ndinawauza kuti ikamangidwa chonchi siona chinthu chotalikira kuposa chala. Anafunsa kuti nanga ntchito yake ndi yotani.

A Sibale anathyola tsamba la khofi kuseri kwa nyumba, nalipanira pa kamtengo kaja. Ine ndinaikapo dontho, ndi kukhazika kamera pa kathumba ka nyemba. Kenaka ndinayenera kupempha munthu wamkulu ngati ameneyo kuti agone pansi. Mayi Nachali ndiwo anawauza m'chinenero chawo, ndipo anawayalira chitenje. Apampando anavula jekete, nampatsa mnyamata mmodzi, n'kugona. Anyamata onse anayang'ana kumbali.

Nthawi yomweyo akazi a apampando ankachokera kunkhokwe ndi lichero pamutu. Tinangomva apampando akufuula ali pansi pomwepo kuti, "Mama, imani penepapo! Mwaima na mutu!" Mayiwo anaima, kudabwa, lichero lili pamutu. Amuna awo anaseka mpaka kutsokomola, akuwauza kuti akweze dzanja, atsitse, atembenuke. Atadzuka, mayiwo anati nawonso aone, ndipo anaumiriza amuna awo kuti akaime pomwe anaima iwo. Kenaka anyamata aja, mmodzimmodzi, ngakhale uja anasolola filimu. Anansi anayamba kubwera. Dontho linagwa, ndinaika lina, linagwanso, ndinaika lina, mpaka dzuwa linakwera.

Pomaliza apampando anavalanso jekete ndi nkhope yawo ya ntchito. Anati nkhaniyi yathera pabwalo pomwepo. Kamera anandibwezera, koma anati kalilole ndisamamugwiritsenso ntchito kumtunda kooneka kumalire, ndipo tsiku lina ndibwere ndi galasi lili koyenera kudzajambula banja lawo lonse anthu ataima ndi miyendo. Ndinavomera ndi manja awiri, ndipo ndinakawajambuladi.

Pobwerera Mayi Nachali anatsogola kuthamangira odwala. Ine ndinayenda pang'ono chabe. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa njira ndi kulira kulira kwenikweni, kumene ndinakuletsa chichokere dzulo lake. A Sibale sanandiletse, sanandigwire. Anasendera chapatali atanyamula kamera ya abambo, natembenukira kwina ngati akuona mitengo, n'kudikira mpaka ndinamaliza. Anthu odutsa akafuna kuima, ankawauza kuti apitirire, anamwino akupuma. Ndili pamwala pomwepo ndinadziwa kuti munthu ameneyu ndamuika mumtima.

Filimu yotayika ija imandiwawabe, makamaka ya ukonde wa kangaude, chifukwa maluwa a khofi anayoyoka ndipo ukonde wotero sindinaupezenso. Koma ndinagula ina ndi kuyambiranso. Imeneyi inafika ku Karonga, ndipo inabwerako mwezi wathawu. Zithunzi zambiri zinali utsi monga kale. Zina dontho linaoneka koma m'kati mopanda kanthu. Koma zingapo zinatuluka, achimwene, zinatuluka ndithu! Mkulu wotsuka zithunzi uja ulendo uno anatumiza mawu oti wabweza zimene ananena za maso anga, ndipo anapempha kuti chimodzi apachike pakhoma la sitolo yake.

Chokongola koposa ndi chimene ndaika m'kalatayi, pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike. Chakuda chachikulucho ndi tsamba la khofi. Kunsonga kwake kuli dontho. Mutembenuze chithunzicho, pansi pakhale pamwamba, ndipo muyang'anitsitse m'donthomo muli pabwalo powala. Muona munthu wovala chipewa atanyamula mwana paphewa. Ndi ang'onoang'ono ngati nyerere, koma akuoneka. Amenewo ndi a Sibale. Mwanayo ndi Eluby, mwana wawo wamkazi, amene sanayambe sukulu. Mayi ake anamwalira pobereka wachiwiri ine ndisanafike kuno, ndipo khandalo linapita nawo. Eluby amaleredwa ndi agogo ake. Tsiku lojambula chithunzichi a Sibale anaima nthawi yaitali osagwedezeka, mwana akuseka, bambo ake akumunyengerera, ine ndili pansi kudikira mphepo.

Mwaona kale kumene ndikupita. A Sibale anatuma azakhali awo kwa Mayi Nachali kukanena kuti akufuna kumanga nane banja. Ndinayankha kuti ine ndili ndi eni ake, ndipo sindinganene inde kapena ayi achimwene anga ndi amayi asanamve. Anati ndi zoona, adikira. Koma kwa inu sindibisa. Mtima wanga unavomera kale.

Ndikudziwa kulemera kwa nkhaniyi, ndipo sindikuichepetsa. Kuno mwambo ndi wina. Mwamuna sapita kukakhala kwa mkazi monga kwathu. Amapereka ng'ombe za malowolo, mkazi n'kupita kwawo kwa mwamuna, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Ndiye kuti ndikalowa m'banjali, mudzi wanga ndi Misuku. Ine ndine mwana wamkazi mmodzi yekha wa amayi. Malo aja anandilozera pafupi ndi mtengo wa mango, oti ndidzamangepo nyumba ndikadzatopa ndi ntchito, ndikuwakumbuka. Munda wa kudambo anati ndi wa ana anga. Ndikaganiza zimenezi tulo timandithawa.

Ndinawauza a Sibale zonsezi osazungulira. Anamvetsera, ndipo sanandinamize. Anati za ng'ombe sangazisiye, chifukwa abale awo angaone ngati anditola panjira, ndipo ine ndingakhale wopanda ulemu pamudzi. Koma anati njira ya ku Dedza sidzatsekedwa. Ana, Mulungu akatipatsa, azidzapita kwa agogo awo patchuthi, adzadziwa Chichewa, adzadziwa manda a abambo. Amayi akadzadwala, ine ndidzapita ndi kukhala mpaka adzachire, popanda wondiwerengera masiku. Anatinso asanachite china chilichonse akufuna kubwera okha kudzagwada pamaso pa amayi. Munthuyu sanapitirirepo Mzuzu chibadwire, ndipo masiku ano amandifunsa mawu aulemu a kwathu kuti asadzalakwitse.

Si munthu wachuma. Nyumba yawo ndi ya njerwa zosawotcha, koma ndi yaukhondo ndipo sidontha. Samwa mowa. Amapemphera, ndipo amaimba kwaya ngakhale mawu awo ndi osakoma kwenikweni. Cholakwika chawo chimene ndachiona ndi chakuti akayamba kukonza chinthu amaiwala kudya, ndipo akakhumudwa amangokhala chete m'malo monena. Ndawauza kuti zimenezo ine sindidzazilola. Eluby anayamba ndi kundiopa chifukwa cha jakisoni, koma pano amabwera kudzandipesa tsitsi, ndipo amandiphunzitsa Chisukwa mondikalipira ndikalakwitsa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani kuno mudzamuone munthuyu ndi maso anu, inu monga mwini mbumba. Sindikufuna kuti muvomere chifukwa cha zimene ndalemba ine, pakuti mukudziwa kuti wokonda saona zonse. Mudzagone pamudzi pawo, mudzadye nawo, mudzacheze ndi amayi awo, mudzafunse anthu. Mukadzaona chimene ine sindikuchiona, mudzandiuze, ndipo ndidzamva. Nthawi yabwino ndi Ogasiti kapena Seputembala, msewu utauma ndipo kukolola khofi kutachepa. Mudzakwere basi mpaka ku Karonga, kenaka ya ku Chitipa, mudzatsikire pa Kapoka. Mukadzandidziwitsa msanga, a Harrison adzakudikirani pamenepo. Mudzatenge jekete lochindikala, ndipo musadzaope msewu wa m'phirimo. Umaoneka ngati ukuthera m'mwamba, koma umafika.

Amayi muwauze ndinu, asamve kwa wina. Musawauze ali kumunda kapena pali anthu. Mudikire atakhala pansi, alamu ali pafupi. Muyambe mwawapatsa chithunzicho, ndipo muwathandize kupeza anthuwo m'donthomo, poti maso awo ayamba kufooka. Za apampando ndi za filimu musawauze, zinatha bwino ndipo zingangowadwalitsa. Akalira musawaletse. Ndipo mundilembere zimene anena monga momwe anenera, ngakhale zikhale zowawa. Musandisankhire zokoma zokhazokha. Amalume muwauze pambuyo pake, amayi atagona nayo nkhaniyi.

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, a Sibale anandiitana kuti ndikaone kumunsi kwa munda wawo. Ndinapeza atakumba maenje mzere wathunthu pamalo atsopano, atathiramo manyowa, okonzeka kudzalamo mbande za khofi mvula ikadzagwa. Anati mzere umenewo ndi wa amayi a ku Dedza, ndipo zonse zimene udzabereke ndi zawo. Ndinawakumbutsa kuti amayiwo sanamve n'komwe za iwo, ndipo atha kukana. Anakanda m'mutu, nayang'ana maenjewo, n'kunena kuti akakana palibe kanthu, mzerewo ndi wawobe, chifukwa anabereka munthu ndi kumulera bwino, ndipo zimenezo zinachitika kale. Ndinangotola khasu ndi kuwathandiza kukwirira manyowa, ndi diresi langa la kutchalitchi lomwelo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti nyemba za kuno zimene ndawapatsira a Harrison ndi zawo, ayese kudzala zina kudimba. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Chimbiya, ndi kwa ana onse. Loveness mumuuze kuti ndamva zoti wakhoza mayeso, ndipo apitirize. Aaron asiye kuthawa sukulu, apo ayi ndikubwera ndi jakisoni wamkulu. Mayi Nachali akuti moni ngakhale simunaonane, ndipo akuti mukabwera mudzagona kwawo.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso. Ndikhala ndikutchera khutu galimoto iliyonse yokwera phirili.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Esnat